Kwawo nsomba, kwathu fodya: Kasungu pagalasi la Iceland

Chilumba cha kumpoto kwa Ulaya chili ndi mtunda wouma woposa wa Malawi, koma anthu ake safika theka la anthu a m'boma la Kasungu. Nachonso chidakhala zaka zambiri chikudya kuchokera m'mphika umodzi, mpaka tsiku lomwe mphikawo udasweka.

Mwezi wa Epulo ukafika, msewu wa M1 kummwera kwa tauni ya Kasungu umasintha fungo. Malole ndi mathirakitala osenza mabelo amandanda kulowera ku msika wa Chinkhoma, ndipo kafungo ka tsamba louma kamakupeza ngakhale uli m'minibasi yotseka mawindo. Eni magolosale a pa Santhe, Chamama ndi Mtunthama amadzaza mashelefu. Ogulitsa malata, matiresi ndi njinga zamoto amadziwa kuti nyengo yawo ndi imeneyi. Ngongole zonse za chaka, ya feteleza, ya fizi, ya katapila, zimakhala zikudikira tsiku limodzi loti belo lidutse pa okushoni. Likabwezedwa, banja lonse limagona ndi nkhawa. Mlimi wa kuno sawerengera ndalama isanalowe m'thumba, pakuti akulu adanena kale kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Kutali kwambiri ndi Chinkhoma, pakati pa nyanja ya Atlantic, kuli dziko lomwe okonda mpira amalikumbukira chifukwa chogonjetsa England 2-1 mu 2016 ndi kulepherana ndi Argentina 1-1 pa mpikisano wa dziko lonse wa 2018. Anthu a ku Mangochi amalidziwa mwanjira ina. Dziko la Iceland lakhala likugwira ntchito zachitukuko m'Malawi kuyambira 1989, lili ndi ofesi ya kazembe ku Lilongwe, lidathandiza kumanga chipatala cha Monkey Bay, ndipo m'zaka zaposachedwapa lafikanso ku Nkhotakota, boma loyandikana ndi Kasungu kummawa. Ambiri timangolitenga ngati limodzi mwa mayiko olemera otithandiza. Chomwe sitimva kawirikawiri n'chakuti zaka 150 zapitazo anthu ake ankagona m'nyumba zofolera ndi madothi a udzu, ankafa ndi njala, ndipo ankathawa kwawo kukasaka ntchito kunja. Mbiri yawo ikaikidwa pambali pa ya Kasungu, mlimi wa fodya akhoza kudzionamo nkhope.

Mtunda wawo ndi wathu

Iceland ndi yaikulu masikweya kilomita 103,000. Malawi ndi 118,484, koma tikachotsapo nyanja mtunda wouma umatsala pafupifupi 94,000. Choncho pa nthaka yopondapo phazi, iwo akutiposa. Kungoti nthaka yawoyo yambiri siyolimika. Gawo limodzi mwa magawo khumi ndi lokwiririka ndi madzi oundana chaka chonse, ndipo phiri la madzi oundana la Vatnajökull palokha kukula kwake n'kofanana ndi boma lonse la Kasungu. Pakati pa chilumbachi ndi chipululu cha miyala yakuda, mchenga ndi chiphalaphala chouma cha mapiri ophulika. Anthu amakhala m'mphepete mwa nyanja, kumene madzi ofunda ochokera kummwera amachepetsako kuzizira. M'mwezi wa Disembala, pamene ife tikupalira chimanga, ku likulu lawo la Reykjavík dzuwa limaoneka maola anayi okha patsiku. Mu Juni usiku sukuda n'komwe.

Pali chinthu chimodzi chomwe mayiko awiriwa akufanana pansi pa nthaka. Onse ali pamalo pomwe dziko likung'ambika. Ku Thingvellir, kumene nyumba yawo ya malamulo ya Althingi idayamba kukumana m'chaka cha 930, munthu amayenda m'ming'alu yomwe mbali za America ndi Ulaya zikutalikirana pang'onopang'ono. Kwathu mng'alu wotere ndi umene udabala nyanja ya Malawi, ndipo akasupe a madzi otentha a ku Mawira ku Nkhotakota ndi ku Chiweta ku Rumphi ndi umboni wa moto womwewo. Kwa iwo motowo sugona. Mu Novembala 2023 anthu onse a m'tauni ya asodzi ya Grindavík adasamutsidwa chifukwa nthaka idayamba kung'ambika pansi pa nyumba zawo.

Kasungu ali pamwamba pa mng'aluwo, pachidikha chotambalala chomwe chimapitirira mpaka ku Lilongwe ndi Mchinji. Bomali ndi lalikulu masikweya kilomita 7,878. Kumadzulo kuli Zambia, kumpoto Mzimba, kummawa Nkhotakota, ndipo chakummwera kuli Ntchisi, Dowa ndi Mchinji. Ukaima pamalo okwera, diso limayenda kutali osagunda kanthu kupatula phiri la Kasungu ndi timapiri tapatalipatali. Mitsinje ya Bua ndi Dwangwa imatenga madzi a m'madambo kuwatsitsira kunyanja, ndipo mu Bua ndi momwe mpasa umakwera kukaswana. Dothi lake lambiri ndi lamchenga, losavuta kulima, lokondedwa ndi fodya ndi mtedza, koma losachedwa kuguga. Mvula imagwa kamodzi pachaka, kuyambira chakumapeto kwa Novembala mpaka Malichi kapena Epulo. Ikadula mu Januwale kapena Febuluwale, chaka chonse chapita.

Gawo lalikulu la kumadzulo, masikweya kilomita oposa 2,300, ndi nkhalango yosungirako nyama ya Kasungu, yachiwiri kukula m'dziko muno pambuyo pa Nyika. Mu 2022 njovu 263 zidasamutsidwira kumeneko kuchokera ku Liwonde. Kwa oyendetsa zokopa alendo idali nkhani yabwino. Kwa alimi a m'malire mwa nkhalangoyo, kuno ndi ku Zambia komwe, idabwera ndi usiku wolondera minda ndi maliro a anthu opondedwa ndi njovu.

Kuwerenga mitu

Anthu a ku Iceland ndi akatswiri akale pa kalembera. Mu 1703 adalemba munthu aliyense pachilumbacho, dzina, zaka ndi ntchito yake, ndipo adapeza anthu 50,358. Patatha zaka 80, mu 1783, phiri la Laki lidaphulika kwa miyezi isanu ndi itatu. Utsi wake udawononga msipu, ziweto zoposa theka zidafa, ndipo njala yomwe idatsatira idapha pafupifupi munthu mmodzi pa asanu alionse. Pakati pa 1870 ndi 1914 anthu pafupifupi 15,000 adasamukira ku Canada ndi America, ena n'kukakhazikitsa mudzi wa Gimli ku Manitoba. Kumeneko kudali ku Joni kwawo. Mwana wa ku Kasungu sangadabwe nazo. Hastings Kamuzu Banda adachoka kuno ali mnyamata n'kuyenda wapansi kupita ku Southern Rhodesia, kenako ku migodi ya ku South Africa, ndipo mpaka lero mabasi a ku Johannesburg amanyamula achinyamata a m'boma lino.

Lero Iceland ili ndi anthu pafupifupi 390,000, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse amakhala ku Reykjavík ndi matauni ozungulira. Pa sikweya kilomita imodzi safika anthu anayi. Mayi wa kumeneko amabereka ana osafika awiri, ndipo ntchito za m'mafakitale a nsomba, zomangamanga ndi mahotela zimadalira kwambiri obwera, makamaka ochokera ku Poland. Dziko lomwe linkatumiza ana ake kunja tsopano likuitana ana a eni.

Ku Kasungu mitu ikuchuluka mofulumira. Kalembera wa 1998 adapeza anthu pafupifupi 480,000. Wa 2018 adapeza 842,953, ndipo mwa amenewa osafika 60,000 ndiwo amakhala m'tauni. Ena onse ali kumudzi, khasu lili m'manja. Tikagawa anthuwa pa malo onse a boma, pa sikweya kilomita imodzi pamakhala anthu 107. Tikachotsa malo a njovu, chiwerengerocho chimapitirira 150. Tikachotsanso malo a maesiteti, tiyamba kumvetsa chifukwa chake mabwalo a mafumu monga a Kaomba, a Wimbe, a Santhe ndi a Chulu sasowa milandu ya malire a minda.

Kuchulukaku sikudabwere ndi kubereka kokha. Fodya adaitana anthu. Kuyambira zaka za m'ma 1970 mabanja ochokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe, Machinga ndi Mangochi ankakwezedwa m'malole kudzagwira utenanti m'maesiteti, ndipo ambiri sadabwererenso kwawo. N'chifukwa chake pamsika wa ku Kasungu umamva Chichewa, Chitumbuka cha kumpoto kwa Nkhamenya ndi kwa Kaluluma, Chiyao ndi kalankhulidwe ka Alhomwe. Kalembera wa 2018 adaonetsanso kuti theka la Amalawi ndi ana osafika zaka 18. Ana amenewa akamakula adzafuna minda, ndipo chidikha sichikula.

Mphika umodzi

Kwa zaka mazana ambiri Iceland idali pansi pa mfumu ya Denmark. Kuyambira 1602 mpaka 1787 anthu ake ankaloledwa kugulitsa nsomba ndi ubweya wa nkhosa kwa amalonda okhawo amene mfumu idawapatsa chilolezo, pamtengo woikidwa ndi ogula. Padalinso lamulo lotchedwa vistarband, lokakamiza munthu aliyense wopanda malo kuti adzipereke kwa mwini famu chaka ndi chaka, n'kumagwira ntchito molandira chakudya, pogona ndi kamalipiro kochepa. Wotereyu zinkamuvuta ngakhale kukwatira. Mwini famu ankamutumiza kukawedza panyanja nyengo yozizira, nsombazo n'kukhala za bwana. Lamuloli lidayamba kumasulidwa mu 1894.

Amene adagwirako utenanti ku Kasungu safunika kumutanthauzira zimenezi. Tenanti amapatsidwa munda, mbewu, feteleza ndi phoso pangongole. Iye, mkazi wake ndi ana amathirira nazale mu Seputembala, kuwokera ndi mvula yoyamba, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika pamikangala m'chigafa, kusankha ndi kudinda pa jeke. Pamapeto pake bwana ndiye amaika mtengo, n'kudula ngongole zonse, ndipo chotsala nthawi zina sichikwana ndi thiransipoti yobwerera kumudzi. Nkhani za ana ogwira ntchito m'minda ya fodya zidafika patali mpaka mu Novembala 2019 dziko la America lidalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pamadoko ake kufikira makampani atatsimikizira kuti alibe thukuta laukapolo. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti. Pepala lidasainidwa, koma m'zigafa zambiri zakale sizidatheretu.

Fodya wa maesiteti adakula ndi ndale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kudakhazikitsidwa bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority kuti liphunzitse Amalawi kulima fodya wa kampopi, amene kale adali wa azungu okha. M'zaka za m'ma 1970 makampani a General Farming ndi Press Farming, omwe adali m'manja mwa Kamuzu, adatsegula minda ikuluikulu m'boma lino. Nduna ndi akuluakulu a chipani adalimbikitsidwa kutsegula yawo, ndi ngongole za m'mabanki komanso phindu lomwe ADMARC inkapeza pogula mbewu za alimi ang'onoang'ono motchipa. Lamulo la mbewu zapadera linkaletsa mlimi wamba kulima fodya wa bale ndi wa kampopi. Wake adali wa chikopa, wogulitsa ku ADMARC basi. Chitseko chidatseguka kuyambira 1990, ndipo m'zaka zochepa pafupifupi mudzi uliwonse udamera zigafa. Makalabu a alimi a bale a nthawi imeneyo ndiwo adabala bungwe la NASFAM.

Ndalama za fodya zidamanga zambiri zomwe tikuziona: nyumba za malata, masitolo, zigayo, ndi ana ophunzira mpaka ku yunivesite. Dziko lonse limapeza pafupifupi theka la ndalama zakunja kuchokera ku tsamba limeneli. Koma mphika umodzi ndi mphika umodzi. M'nyengo ya 2001 ndi 2002 njala idakantha Kasungu koposa maboma ambiri. Anthu adadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndipo adagulitsa mbuzi, njinga ndi malata pamtengo wa ndowa ya chimanga. Boma lomwe limadyetsa dziko ndi madola lidalephera kudzidyetsa nsima. M'njala imeneyo ndi momwe William Kamkwamba wa kwa Wimbe adasiyira sukulu posowa fizi, n'kupanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa, njinga yakale ndi mitengo ya bulugama.

Chaka chomwe nsomba zidasowa

Iceland italandira ufulu wonse pa 17 Juni 1944, chuma chake chidali nsomba. Chapakati pa zaka za m'ma 1900 pafupifupi katundu yense wotuluka m'dzikomo adali wa m'nyanja. Padali cod, nsomba yaikulu yoyera mnofu, ndi herring, yoyenda m'magulu ngati usipa koma yokulirapo. Tauni ya Siglufjörður kumpoto idali Chinkhoma wawo. Nyengo ya herring ikafika, anthu ankakhamukirako kuchokera m'dziko lonse, amayi ankathira mchere m'migolo usana ndi usiku, ndipo ndalama zinkayenda ngati madzi. Zombo zidakula, maukonde adakula, zida zofufuzira nsomba pansi pa nyanja zidabwera. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 herring idangoti zii. Adaiwedza mopitirira, ndipo madzi a kumpoto adazizira. Ndalama yawo ya króna idagwetsedwa mphamvu mu 1967 ndi 1968, ntchito zidatha, ena adapita kukasaka ganyu ku Sweden ndi ku Australia, ndipo mafakitale a ku Siglufjörður adasanduka mabwinja.

Zomwe adachita pambuyo pake ndi zomwe mlimi wa fodya ayenera kuzitchera khutu. Choyamba adateteza chomwe chidatsala. Zombo za ku Britain zinkawedza pakhomo pawo penipeni, ndipo dziko lopanda gulu lankhondoli lidapitiriza kukankha malire ake a panyanja, omwe lidawafikitsa kale pa mamailosi 12 mu 1958, kufika pa 50 mu 1972 ndi 200 mu 1975. Timabwato tawo tolondera tinkadula zingwe za maukonde a Angerezi, zombo zankhondo za Britain n'kumatigunda, koma mu 1976 Britain idagonja. Mu 1984 adayamba kuika mlingo wa nsomba zomwe chombo chilichonse chingagwire pachaka, motsatira kafukufuku wa akatswiri.

Chachiwiri adatembenukira ku moto ndi madzi a pansi pa mapazi awo. Mu 1969 fakitale yosungunula aluminiyamu idatsegulidwa ku Straumsvík, yoyendera magetsi a mumtsinje. Mafuta atakwera mtengo m'zaka za m'ma 1970, adafulumiza kukumba madzi otentha a pansi pa nthaka n'kuwalowetsa m'mapaipi. Lero nyumba zisanu ndi zinayi mwa khumi zilizonse zimafunditsidwa ndi madzi amenewa, pafupifupi magetsi onse amachokera ku mitsinje ndi nthunzi ya pansi, ndipo tomato ndi nkhaka zimalimidwa m'nyumba zagalasi kunja kuli chisanu choopsa.

Chachitatu, ndipo apa ndi pomwe pali phunziro lalikulu, adasiya kugulitsa nsomba ngati nsomba chabe. Popeza mlingo udachepa, aliyense adayamba kufunsa kuti mu cod imodzi mungatuluke ndalama zingati. Mnofu umapita wosaundana pandege ku Ulaya ndi America. Chiwindi chimatulutsa mafuta a mankhwala. Mitu ndi minga amaziumitsa ndi kutentha kwa pansi pa nthaka n'kuzigulitsa ku Nigeria, kumene ndi ndiwo yapamwamba. Kampani ya Marel, yomwe idayamba mu 1983 ndi masikelo oyezera nsomba pachombo, idakula n'kumagulitsa makina opangira zakudya m'mayiko ambiri. Ya Kerecis ya m'tauni yaing'ono ya Ísafjörður imasandutsa khungu la cod kukhala chophimba mabala a moto ndi zilonda zosapola, ndipo mu 2023 idagulidwa pamtengo woposa madola biliyoni imodzi. Khungu limenelo kale ankataya.

Tsopano tsatirani belo lochoka kwa Simlemba. Limafika ku Chinkhoma, ogula monga Limbe Leaf, Alliance One ndi JTI amaika mtengo, ambiri kudzera m'makontirakiti omwe adakhazikika kuyambira 2012. Likachoka apo limapita ku Kanengo kukapunthidwa, kenako pamalole kupita kudoko. Ndudu zimakapangidwa kwina, ndipo phindu lenileni limatsala komweko. Mtedza ndi soya zimayenda njira yomweyo: mavenda amagula pasikelo pakhomo, matumba n'kutuluka m'boma osasendedwa, osayengedwa. Mafuta ophikira ndi chiponde zimabwerera pa M1 yemweyo zili m'mabotolo, pamtengo womwe wolima mtedzayo sangaukwanitse.

Nkhalango zomwe zidapita

Anthu oyamba atafika ku Iceland cha m'ma 870, akuti gawo loposa limodzi mwa magawo anayi a chilumbachi lidali ndi mitengo. Adadula ya nyumba, ya nkhuni ndi ya makala osulira zitsulo, ndipo nkhosa zidadya mphukira zonse. Mitengo itatha, mphepo idayamba kukokolola dothi mpaka mafamu ena kukwiririka ndi mchenga. Pofika zaka za m'ma 1900 mitengo idatsala pa gawo limodzi lokha mwa magawo 100 a dziko. Mu 1907 adakhazikitsa nthambi ya boma yoteteza nthaka, imodzi mwa zakale kwambiri padziko. Patha zaka zoposa 100 akubzala, koma nkhalango zangofika pa magawo awiri mwa 100. Sukulu yawo yophunzitsa kubwezeretsa nthaka yoguga imalandira akatswiri ochokera m'mayiko osauka, Amalawi ali m'gulu lomwelo, ndipo chomwe amakawaonetsa ndi zipsera za dziko lawo lomwe.

Agogo a ku Kasungu amakumbukira chidikha chodzaza ndi mombo, tsamba, muwanga ndi masuku, bowa ndi mphalabungu zili mbwee. Fodya wa kampopi amadya nkhuni usana ndi usiku m'mabalani. Wa bale safuna moto, koma chigafa chilichonse chimafuna mafoloko ndi mikangala yomwe chiswe chimadya pakangopita nyengo zochepa. Onjezani makala, njerwa ndi minda yatsopano. Lero mitengo yachilengedwe yowirira yatsala m'nkhalango ya nyama, ku Chimaliro ndi kumanda. Mwayi wathu ndi wakuti kuno mtengo umakula msanga, ndipo chitsa cha mombo chikasiyidwa osatenthedwa chimaphukanso chokha. Zomwe iwo akuzisaka kwa zaka 100, ife tingazione m'zaka 15.

Pomwe galasi likunama

Tisanamizane kuti Kasungu ingadzuke mawa ili Iceland. Iwo ali ndi nyanja yaikulu yodzaza nsomba ndi madoko otseguka chaka chonse, pamene belo lathu limayenda makilomita mazanamazana kukafika ku Beira, Nacala kapena Durban. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idawabweretsera asilikali a Britain mu 1940 ndi a America mu 1941, omwe adamanga mabwalo a ndege ndi kulemba anthu ntchito zolipidwa ndalama, kenako thandizo la Marshall lidatsatira. Adalinso ndi chuma chomwe sichioneka pamapu: kalekale, ngakhale m'nyumba za madothi zija, pafupifupi mwana aliyense ankaphunzitsidwa kuwerenga, ndipo madzulo banja linkapota ubweya wina akuwerenga mokweza.

Nawonso adapunthwa. Mlingo wa nsomba utaloledwa kugulitsidwa, udathera m'manja mwa makampani ochepa, midzi ina ya asodzi n'kutsala yopanda chowedza, monga momwe malo abwino a ku Kasungu adathera m'maesiteti. Mu Okutobala 2008 mabanki awo atatu akuluakulu, Kaupthing, Landsbanki ndi Glitnir, adagwa m'sabata imodzi atakongola ndalama zoposa chuma cha dziko lonse kangapo. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Chidawadzutsa ndi alendo odzaona malo, omwe adachoka pa osafika 500,000 mu 2010 kufika pa oposa 2 miliyoni mu 2018. Mliri wa Covid-19 utatseka ndege, nsomba ndi aluminiyamu zidagwira dziko. Pamoto padali miphika itatu, ndiye umodzi utatayika ana sadagone ndi njala.

Nazale ya chaka chino

Herring idasowa osatsanzika. Fodya akutsanzika pang'onopang'ono, ndipo aliyense akumva. Osuta akuchepa m'mayiko ambiri olemera, malamulo akukhwima, ndipo mu 2023 Malawi yemwe adalowa m'pangano la bungwe la zaumoyo padziko lonse lochepetsa kusuta. Mitengo ikakhala yabwino chaka china, aliyense amakuza nazale, tsamba limachuluka, chaka chotsatira mabelo n'kumabwezedwa. Alimi a kuno adaziona mu 2011 ndipo akudziwa kuti zimabwerera. Ngakhale makampani ena ogula fodya ayamba kale kulowa mu mtedza.

Palibe angauze mlimi wa kwa Kapelula kuti azule fodya lero, pakuti palibe mbewu ina yomwe ili ndi msika wodziwika, ngongole ya zipangizo ndi alangizi ngati fodya. Funso lomwe asodzi a ku Iceland adadzifunsa ndi lomwe lingathandize: m'chinthu chomwe tili nacho kale, mungatuluke zingati chisanachoke pakhomo? Mu mtedza muli mafuta, chiponde, chakudya cha nkhuku ndi makoko oyatsira moto m'malo mwa makala. Misika yakunja yomwe tidaitaya chifukwa cha chuku ingabwerere ngati mtedza uumitsidwa ndi kusungidwa bwino, ndipo imeneyo ndi ntchito ya nkhokwe ndi makina a kopaletivi, pakuti mlimi mmodzi sangaithe. Alimi a ku Iceland adayambitsa kopaletivi yawo yoyamba mu 1882 pofuna kuthawa mitengo ya wamalonda mmodzi. Madambo a Bua ndi Dwangwa angathe kulimidwa kawiri pachaka. Dzuwa lomwe iwo amalisowa miyezi yathunthu, kuno limawomba pamalata a Chinkhoma kwaulere. Luso la ulimi lomwe likuphunzitsidwa ku koleji ya Mwimba, ndi dongosolo la makalabu lomwe fodya adatiphunzitsa, zingasenze mbewu ina iliyonse.

Kalembera wotsatira akuyembekezeka mu 2028. Kuchulukana kukapitirira momwe kwakhalira, boma la Kasungu lidzakhala litadutsa anthu miliyoni imodzi, pafupifupi katatu anthu a ku Iceland, pa kamtunda kosafika gawo limodzi mwa magawo 13 a chilumba chawo. Ambiri mwa anthu amenewo ndi ana omwe chaka chino, mu Seputembala, azidzatsatira makolo awo kudambo m'mamawa atanyamula makheni othirira nazale. Mbewu ya fodya ndi yaing'ono ngati fumbi, ndipo kasupuni kamodzi kamakwana bedi lonse. Bambo akamasakaniza ndi madzi m'kheni, mwana amakhala chilili pambali, akuonetsetsa kuti mawa adzathe yekha.